Wobisala m'sitima atsike pamtunda, ngongole ilondole mwini mpanda

Mu Novembala 2022 chithunzi china chinayenda dziko lonse. Anyamata atatu a ku Nigeria anali atakhala pachiwongolero cha sitima yonyamula mafuta yotchedwa Alithini II, chitsulo chachikulu chakumbuyo chija akuluakulu amati tsigiro, mapazi ali lendelende, madzi atatsala pang'ono kuwanyambita. Anakwera ku Lagos ndipo anakhala pamenepo masiku 11, usana ndi usiku, mpaka sitimayo inakocheza ku Las Palmas, kuzilumba za Canary. Chaka chotsatira ena anayi anachita chimodzimodzi pa sitima ya Ken Wave. Iwo ankati akupita ku Ulaya, koma patatha masiku 14 amene anawatsitsa anali apolisi a ku Brazil, padoko la Vitória. Chithunzi chotere chikangotuluka mkangano umabuka. Ena amati anyamatawa ndi ngwazi zothawa umphawi, ena amati ndi mbava zolowa m'nyumba ya eni, pomwe eni sitima ndi a inshuwalansi amabwereza funso limene akhala akufunsa kwa zaka zambiri ku IMO, bungwe la United Nations loona za sitima za panyanja, ku London: kodi munthu ameneyu ndi mtolo wa yani? Za ungwazi kapena umbava ndikusiyirani inu. Ine ndili pa funso lomalizali, ndipo mbali yanga ndi iyi: munthu akapezeka atabisala m'sitima yamalonda, atsitsidwe padoko loyamba limene sitimayo yafika, popanda kukankhirana, ndipo gawo lalikulu la ndalama zomusunga ndi kumubwezera kwawo lichokere kudoko limene iye anadutsa mpanda wake. Ngongole yonse ikamagwerabe kaputeni, tizimvabe za anthu oponyedwa m'madzi.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe taona mmene zinthu zilili panopa. Papepala zonse zili bwino. Pangano la IMO la mu 1965 lofewetsa kayendedwe ka sitima pakati pa mayiko, limene amangoliti FAL, linawonjezeredwa mutu wa anthu okwera mozemba mu 2002. Limati munthu wotere asungidwe mwaumunthu, apatsidwe chakudya, pogona ndi mankhwala, asagwiritsidwe ntchito kupatula pangozi kapena kusamala pamene akugona, ndipo mayiko athandizane kuti atsike msanga. Vuto ndi lakuti pangano lokhala ndi mano, limene linalembedwa ku Brussels mu 1957 kuti kaputeni azitha kupereka munthu wotere padoko loyamba, silinayambe lagwirapo ntchito chifukwa mayiko olivomereza sanakwane. Choncho a imigireshoni a dziko lililonse amachita zawo. Doko lina limati asaponde pansi ngakhale ndi phazi limodzi, lina limati atsike koma mulipire chindapusa, lina limati lembani alonda akhale pakhomo pake mpaka munyamuke, ndipo akathawa mudziwanso. Munthu wopanda chiphaso, amene mwina wanama dzina ndi dziko lakwawo, amatha kuzungulira ndi sitima miyezi yathunthu. Njira ikapezeka, mwini sitima amalipira womasulira, chiphaso chongoyendera kamodzi cha ku embase, tikiti ya ndege, ndi matikiti a omuperekeza, opita ndi obwerera. Mabungwe a inshuwalansi otchedwa P&I, amene amateteza sitima zochuluka kwambiri za panyanja zikuluzikulu, anawerenga kuti kuyambira Febuluwale 2011 kufika Febuluwale 2012 panali nkhani zotere 774 zokhudza anthu 1,640, ndipo zinadya madola a ku America 15.3 miliyoni. Gawani nokha, mupeza kuti munthu mmodzi ankadya madola oposa 9,000.

Tsono tayerekezani kuti kaputeniyo ndinu. Muli pa kontalakiti ya miyezi ingapo, kwanu ana akudikira fizi, ndipo mukudziwa kuti ofuna mpando wanu ndi ambiri. Wantchito akubwera kudzakunong'onezani kuti m'chipinda cha katundu mwamveka munthu akutsokomola. Kuyambira mphindi imeneyo munthu uja kwa inu ndi ngongole yoyenda ndi miyendo: mafoni ochokera ku kampani, makalata a ejenti, doko lokana, ndi funso lakuti inu munali kuti pamene ankalowa. Ndinene chilungamo, akaputeni ambiri amachita zoyenera. Amamusambitsa, amamupatsa ovolosi ndi mbale ya mpunga, amalemba lipoti, n'kuyembekezera zimene zigwe. Koma dongosolo limene limadalira kuti aliyense akhale wamtima wabwino pamene thumba lake likupsa ndi dongosolo lowola, ndipo linaonetsa kale kuwola kwake. Mu Okutobala 1992 sitima ya MC Ruby inanyamuka ku Takoradi ku Ghana itanyamula koko, ulendo wa ku Le Havre ku France, ndipo munabisala anthu 9. Amalinyero a ku Ukraine atawapeza anawalanda ndalama, anawatsekera, kenako usiku anayamba kuwatulutsa pang'onopang'ono, kuwamenya ndi chitsulo, kuwaombera, ndi kuwaponya m'nyanja. Anapulumuka mmodzi yekha, Kingsley Ofosu, amene m'bale wake anali m'gulu la ophedwawo. Anabisala masiku atatu mpaka sitima inafika ku France, anatsika mozemba n'kukagogoda kupolisi. Mu 1995 khoti la ku Rouen linagamula kaputeni ndi wachiwiri wake kukhala m'ndende moyo wonse, ndipo ena atatu analandira zaka 20. Chifukwa chimene chinamveka pamlanduwo chinali mantha a chindapusa ndi mantha a kutha kwa ntchito.

Wina angati zimenezo n'zakale komanso zakutali. Ayi ndithu. Mu Malichi 2020, pamene mliri wa Covid-19 unkatseka zipata paliponse, sitima ya Top Grace inanyamuka ku Durban muli anyamata awiri a ku Tanzania amene anabisalamo. Atapezeka, amalinyero anamangirira migolo ya pulasitiki ndi matabwa, anawaveka majekete oyandamitsa, anawapatsa mabotolo a madzi, n'kuwatsitsira m'nyanja cha kufupi ndi pamene mtsinje wa Tugela umathira. Anayandama masiku atatu mpaka mafunde anawalavulira pagombe la Zinkwazi ali amoyo. Sitimayo inagwidwa ku Richards Bay, kaputeni ndi anzake anavomera mlandu wofuna kupha, nati ankaopa kachilomboko. M'masiku omwewo, ku Tete, thiraki yochokera ku Malawi inapezeka ndi mitembo ya anthu 64 a ku Ethiopia mu kontena, ndipo 14 okha ndi amene anatuluka akupuma. Nkhani ziwirizi si imodzi, poti a mu kontena aja analipira owazembetsa pomwe a mu sitima aja analowa okha. Koma msewu wake ndi umodzi, ndipo ukudutsa pakhomo pathu. Fodya, tiyi ndi shuga wathu zimatulukira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, feteleza ndi mafuta zimalowera komweko, ndipo ndalama iliyonse imene sitima yawononga padoko imakathera pa mtengo wa thumba la feteleza ku Mchinji. Kuti kwathu kulibe nyanja yamchere sikutichotsa m'nkhaniyi.

Oyamba kunditsutsa ndi amene amati ndikupeputsa mlandu wa zigawenga. Iwo amati wopha munthu ndi wopha munthu basi, chindapusa si chifukwa, ndipo mankhwala ake ndi chilango chokhwima. Pa mfundo yakuti wakupha alangidwe sindikutsutsana nawo ngakhale pang'ono. Funso langa ndi lakuti amulanga ndani, ndipo umboni auchotsa kuti. Mu 1996 amalinyero a ku Philippines a pa sitima ya Maersk Dubai anaulula kuti mabwana awo a ku Taiwan anatsitsira m'nyanja anyamata atatu a ku Romania pa maulendo awiri osiyana. Wachinayi anamubisa iwo eni n'kumamudyetsa mobisa mpaka anafika ku Halifax ku Canada. Khoti la kumeneko linati lilibe mphamvu yowatumiza ku Romania pa zimene zinachitikira pakati pa nyanja, nkhani inapita ku Taiwan, ndipo mapeto ake palibe amene analangidwa. Pa Top Grace, mlandu wofuna kupha anthu awiri unathera pa chindapusa: kaputeni R100,000, enawo R50,000 aliyense. Kuwonjezera apo, nkhani zitatu zonsezi tikuzidziwa chifukwa chakuti wina anapulumuka kapena wina analimba mtima n'kuyankhula. Wobisala m'sitima sali pa mndandanda uliwonse. Sanatsanzike, alibe tikiti, ndipo mayi ake kumudzi akuti mwana ali ku Joni, wangosintha nambala. Nyanja siionetsa manda. Chilango chimene chimadikira mboni yopulumuka sichingakhale mpanda wathu woyamba. Tiyenera kuchotsa phindu limene munthu angapeze pobisa mtembo, ndipo phindulo limachoka kaputeni akadziwa kuti padoko lotsatira amulandira munthuyo popanda kumuthira unyolo iye mwini.

Achiwiri amabwera ndi lamulo m'manja. Amati kuyambira pa 1 Julayi 2004, pamene malamulo a chitetezo otchedwa ISPS anayamba kugwira ntchito, sitima iliyonse ili ndi udindo woyang'anira amene akukwera ndi kutsika, choncho munthu akalowa ndiye kuti amalinyero anagona, alipire. Mfundoyi ili ndi thupi, ndipo sitima imene yasiya makwerero opanda mlonda usiku wonse iyeneradi kusenza gawo lake. Koma amene amanena zimenezi amawerenga theka la lamulolo. ISPS yomweyo imaika udindo womwewo pa doko: mpanda, magetsi, mageti, ziphaso, ndi kulondera mbali ya kumadzi. Ndiye tiyeze mphamvu za awiriwa. Sitima yotalika mamita 200 imayendetsedwa ndi anthu ongopitirira pang'ono 20, ndipo ikakhala padoko ndi pamene iwo amatanganidwa koposa. Doko lili ndi apolisi, makampani a alonda, makamera ndi maboti. Anyamata a ku Lagos aja sanadutse pamakwerero n'komwe. Amene amakwera pachiwongolero amafika ndi bwato usiku, kapena kusambira, n'kulowa m'kaphanga kamene kali pamwamba pa chitsulocho, malo amene munthu woima pamwamba pa sitima sangawaone ngakhale atawerama bwanji. Madzi amenewo ndi a doko.

Zaka zina ndinkathamanga ndi mapepala a katundu padoko lina kum'mwera kuno, ndipo ndinaona ndi maso mmene zimakhalira. Pamakwerero pamakhala mlinyero mmodzi, buku, ndi mulu wa makadi: wokwera aliyense alembetse, atenge khadi, pobwerera abweze. Zimayenda bwino mpaka nthawi yosinthana magulu a onyamula katundu. Pamenepo anthu ambirimbiri ovala zipewa zolimba ndi majekete owala ofanana akutsika, enanso ochuluka chimodzimodzi akukwera, kunja kwada, kireni ikulira pamutu, foromani akukuwa kuti nthawi yatha. Chipewa ndi jekete zotere zimagulitsidwa pamsika uliwonse. Sitima isananyamuke amaitana anthu a agalu, n'kuyamba kusaka: m'chipinda cha unyolo wa nangula, m'maboti opulumukira, m'mimba mwa makireni, kuseri kwa mapaipi a ku injini, m'makontena opanda kanthu. Usiku wina galu anaima pa kachitseko kam'munsi mwa kireni n'kukana kusuntha. Munatuluka mnyamata wowonda, thupi lonse girizi, ali ndi botolo la madzi la malita awiri, paketi ya mabisiketi ndi tochi yaing'ono. Sanalimbane ndi munthu, anangokhala pansi n'kuika manja pamutu. Sitima inataya nthawi yake yotulukira, katundu amene ndinkathamangira mapepala ake anagona, ndipo kaputeni anachezera pafoni mpaka kucha. Mlonda wa pageti limene mnyamatayo anadutsa anaweruka m'mawa n'kupita kwawo kukagona. Palibe amene anamufunsa kanthu.

Ku South Africa zinafika poti a imigireshoni amatenga munthu aliyense wopezeka m'sitima mosaloledwa ngati wokwera mozemba amene mwini sitima ayenera kumubwezera kwawo, ngakhale sitimayo ikadali yomangirira padoko, pokhapokha kaputeni atabweretsa umboni wa chithunzi, kanema kapena mboni yapadera wosonyeza kuti munthuyo wakwerera pomwepo. Taganizani zimenezo. Mnyamata wakhala mu mzindawo zaka, wadutsa mpanda wa boma, wayenda pabwalo la doko la boma, koma akangoponda chitsulo cha sitima wasanduka mlendo wa kaputeni, ndipo tikiti yake ya ku Dar es Salaam igulidwe ndi kampani ya ku Greece kapena ku China. Kumsika ukasungitsa njinga pamalo olipira, njingayo n'kusowa, amene amayankha mlandu ndi wolandira ndalama zosungira uja. Kudoko zili chadodolido: wolandira ndalama za chitetezo sataya kanthu mpanda ukabooka, ndiye angauthamangire bwanji kukausoka?

Achitatu, amene ndi ochuluka ku Ulaya, amati mukangolola kuti aliyense azitsika padoko loyamba, mwatsegula chitseko, ndipo anyamata adzadzaza sitima zonse. Amawonjezera kuti walira mvula walira matope, munthu wasankha yekha njira yoopsa, asadandaule. Mantha awo ndi omveka, poti dziko lililonse lili ndi ufulu wonena amene alowe. Koma akusokoneza zinthu ziwiri. Kutsitsa munthu pamtunda si kumupatsa chilolezo chokhala m'dzikomo. Ndi kumuchotsa m'manja mwa amalinyero n'kumuika m'manja mwa boma, limene lili ndi malo osungira anthu, madokotala, omasulira ndi njira yolankhulira ndi embase. Ngati alibe chifukwa chokhalira, akwezedwe ndege, monga momwe amakwezedwera panopa, kungoti popanda kuyamba wazungulira nyanja miyezi itatu. Komanso amene amaganiza kuti anyamatawa amakhala pansi n'kuwerenga malamulo a madoko sanawaonepo. Ku Cape Town kuli gulu la anyamata a ku Tanzania odzitcha Beachboys, ogona pansi pa milatho ya misewu kufupi ndi doko, amene kwawo amati ntchito yawo ndi kuzamia, mawu a Chiswahili onena za kubisala m'sitima. Ambiri abwezedwapo kangapo, ndipo akangotera ku Dar es Salaam amayambanso ulendo wapansi wobwerera kum'mwera. Nthawi zambiri sadziwa n'komwe kumene sitima ikupita, monga a Ken Wave aja amene anakadzukira ku Brazil. Munthu amene sanaope chopukusira madzi chikuzungulira pansi pa mapazi ake sangaope ndime ya lamulo. Chimene chimamuletsa ndi mpanda wopanda bowo ndi mlonda wosalandira kangachepe.

Mfundo ya chitetezo cha amalinyero ndiyo imene ndimaimva ndi mtima wonse, ndipo sindifuna kuithamangira. Anthu 20 pakati pa nyanja, opanda mfuti, opanda polisi yoitana, akapeza amuna 7 osawadziwa, osamvana nawo chilankhulo, amene ataya kale zonse, mantha awo si ongopeka. Mu Disembala 2018 asilikali a ku Britain anakwera sitima ya Grande Tema pamathiriro a mtsinje wa Thames chifukwa anyamata anayi ochokera ku Lagos ankaopseza amalinyero ndi zitsulo. Mu Okutobala 2020 asilikali apadera a ku Britain otchedwa Special Boat Service anatsikira pa sitima ya mafuta ya Nave Andromeda kufupi ndi Isle of Wight, amalinyero atadzitsekera chifukwa cha anthu 7 amene anakwereranso ku Lagos. Komabe tiyang'ane mmene nkhanizi zinathera. A pa Grande Tema khoti linawapeza olakwa pa chiwawa koma linawamasula pa mlandu wofuna kulanda sitima. A pa Nave Andromeda milandu yawo inathetsedwa mu Januwale 2021, oimira boma atapeza kuti umboni sunali wokwanira. Chimene chimabala chiwawa nthawi zambiri ndi nthawi. Tsekerani munthu m'kachipinda kachitsulo sabata ndi sabata, aziona magetsi a mzinda pawindo kenako sitima n'kutembenuka, muuzeni kuti akubwerera kumene anachoka, ndipo tsiku lina chitseko chidzathyoka. Mlinyero anaphunzira zingwe, injini ndi mapu, za undende sanaphunzire. Choncho aliyense wodera nkhawa amalinyero ayenera kukhala woyamba kufuna kuti mlendo wotere atsike msanga. Kukana kumutsitsa kumateteza ofesala wa imigireshoni amene ali pamtunda, ndipo ngozi yonse imatsalira anthu 20 aja.

Mtsutso wovuta koposa ndi wa ndalama, ndipo uli ndi nthambi ziwiri. Nthambi yoyamba imati madoko ambiri amene anthuwa amakwerera ali m'mayiko osauka a mu Africa, pomwe sitima ndi za makampani olemera, ndiye kusamutsira ngongole kudoko ndi kulanda kwa wosauka kupatsa wolemera. Zikumveka zachifundo, koma doko si mudzi. Doko ndi bizinesi imene imalipiritsa sitima iliyonse pa kulowa, pa kukocheza, pa kukokedwa, ndi pa kontena iliyonse, ndipo pa mapepala a katundu pamakhala mzere wa ndalama za chitetezo. Aliyense amene anaitanitsapo galimoto kudzera ku Dar es Salaam kapena katundu kudzera ku Beira anaona mizere yotere imene sankaimvetsa. Ndalamazo tikulipira kale, ine ndi inu. Chimene ndikupempha n'chakuti gawo lina lipatulidwe kukhala thumba lobwezera anthu amene adutsa mpanda, kuti bwana wa doko aziona pa buku lake mtengo wa bowo lililonse. Ngati pali madoko amene sangathedi, mayiko olemera amene safuna anthuwa pagombe lawo athirepo, poti ndi iwo amene akupindula ndi mpandawo. Nthambi yachiwiri imati palibe chodandaula chifukwa inshuwalansi imalipira. Imalipiradi, koma osati zonse. Mwini sitima amayamba walipira gawo lake inshuwalansi isanalowererepo, masiku amene sitima yaima osagwira ntchito kawirikawiri amagwera iye kapena woibwereka, ndipo chaka chotsatira mtengo wa inshuwalansi umayang'ana mbiri ya sitimayo. Koposa zonse, inshuwalansi siteteza dzina la kaputeni. Dalaivala wa thiraki wa pa msewu wa Mwanza amadziwa zimenezi bwino: ngakhale kampani italipira chindapusa cha pachipata, ulendo wotsatira makiyi amapatsidwa wina.

Palinso anthu ena amene mkanganowu umawaiwala. Si onse obisala m'sitima amene akufuna ntchito, ena akuthawa nkhondo kapena kuzunzidwa. Pangano la mu 1951 lokhudza othawa kwawo limaletsa kubwezera munthu kumene moyo wake uli pangozi, ndipo ife amene tasunga anthu ku Dzaleka kuyambira 1994 tikudziwa kuti kusiyanitsa wothawa weniweni ndi wongofuna mwayi ndi ntchito ya mafunso ambiri, womasulira ndi nthawi. Kaputeni sangaigwire ntchito imeneyi pakati pa nyanja, ndipo si yake. A pa Alithini II aja poyamba akuluakulu a ku Spain ankati abwezedwe m'sitima, mwini wake akawasiye ku Nigeria. Atapeza mpata wolankhula anapempha chitetezo, ndipo sitimayo inanyamuka popanda iwo. Kaya pempho lawo linali loona kapena ayi, malo oliweruzira anali pamtunda.

Sindikunena kuti sitima zipinde manja. Mlonda wa pamakwerero akhalepo usana ndi usiku, zitseko zosagwiritsidwa ntchito zikhomedwe, magetsi awalire mbali ya kumadzi, paphanga la chiwongolero paikidwe zitsulo zotchinga, ndipo kusaka kuchitike mwakhama sitima isanamasule zingwe. Sitima imene yapezeka kuti inanyozera zimenezi ilipire gawo lake, ndipo kaputeni amene wabisa kuti ali ndi munthu alangidwe kwambiri kuposa amene wanena. Pali chifukwa chinanso chosakira bwino chimene aliyense amene anagwirapo ntchito m'nkhokwe za chimanga kapena m'mashedi a fodya achimva msanga. Zipinda za sitima zonyamula tirigu, chimanga kapena koko amazifukiza ndi mapiritsi otulutsa mpweya wa fosifini, omwe aja amaika pansi pa matenti kuti aphe anankafumbwe, kenako amatseka zivundikiro kuti mpweya usatuluke ulendo wonse. N'chifukwa chake malangizo a FAL amati malo asafukizidwe kapena kumatidwa asanasakidwe. Mnyamata amene wadzikwirira pakati pa matumba akumva mapazi a osaka amagwira mpweya kuti asamveke, osadziwa kuti galu amene akumuopayo ndiye mwayi wake womaliza.

IMO yakonzapo malangizo ake kangapo, mu 2011 ndi mu 2018, ndipo nthawi zonse mawu ake amakhala opempha mayiko kuti agwirizane. Mayiko athu a SADC sayenera kudikira London. South Africa, Mozambique ndi Tanzania ndiwo ali ndi madoko, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndiwo amalipira katundu wodutsamo, ndipo anyamata amene amabisala amachokera m'dera lomweli. Akhoza kugwirizana okha kuti wopezeka m'sitima imene yachokera ku Durban n'kufika ku Beira atsike ku Beira tsiku lomwelo, embase ya kwawo ipereke chiphaso m'masiku owerengeka, ndipo kalata ya ngongole itumizidwe ku Durban.